Batani Limene Linabisala pa Foni ya Mayi Sakala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, amene muli kuno ku Joni ndi amene mukuwerenga muli kumudzi, landirani moni wanga. Ine ndine Lameki, kwathu ndi ku Kasungu, koma ndimakhala ku Primrose ndi mkazi wanga Esinati ndi mwana wathu wamkazi. Ndikufuna ndikuuzeni za miyezi inayi imene ndinakhala pakhomo ntchito itandithera, chifukwa cha chinthu chimene ndinapanga ndi manja anga koma osadziwa pamene ndinalakwitsa. Ena mwa inu munandipempherera nthawi imeneyo musakudziwa nkhani yonse, ndiye lero muimve.

Ntchito yanga imavuta kuifotokoza. Amayi anga kumudzi amauza anthu kuti ndimakonza makompyuta, ndipo ndinasiya kuwatsutsa. Zoona zake n'zakuti ndimakonza maonekedwe a mapulogalamu. Mukatsegula pulogalamu pa foni kapena pa kompyuta, dziwani kuti pali munthu amene anakhala pansi n'kuganiza kuti batani ili likhale apa, mawu awa akule chonchi, munthu akadina apa kubwere chakuti. Munthu ameneyo ndiye ine. Ndisanaipeze ntchitoyi ndinalondako pa geti ku Germiston zaka zitatu, ndikumaphunzira pa laputopu yakale masiku opuma. Kampani ina yaing'ono itandilemba, n'kundithandizanso kukonza mapepala ogwirira ntchito kuno, ndinaona ngati ndafika.

Ntchito yaikulu yoyamba imene bwana wanga anandipatsa inali ya fakitale ina ya ku Alrode yopanga zidebe za pulasitiki. Eni ake ankafuna kuti antchito aziona mashifiti awo ndi kupempha tchuthi pa foni, asiye kuima pamzere ku ofesi ndi mapepala. Akapitawo nawo azigawa mashifitiwo pa kompyuta. Pulogalamu imodzi, koma yogwira konsekonse. Ine ndinali ndi sikirini yaikulu pa desiki langa ndi foni yatsopano ya kampani, ndipo ndinaikonza ndi mtima wonse. Ndinasankha zilembo zopyapyala zotuwira, ndinayala masiku asanu ndi awiri a sabata m'mizere yooneka bwino, ndipo tsamba lopemphera tchuthi ndinalimanga kuti zonse zikwane pa sikirini imodzi, munthu asavutike n'kutsitsa. Ndinanyadira. Ndinamuonetsa Esinati, iye n'kuti ikuoneka ngati ya kubanki.

Patangopita miyezi iwiri chiyambireni kuigwiritsa ntchito, madandaulo anayamba. Ku fakitale ankangoti pulogalamuyo sikugwira pa mafoni, anthu akujomba, mashifiti asokonekera. Tinayesa pa mafoni athu tonse mu ofesi, n'kumagwira bwinobwino. Tinawauza kuti mwina ndi netiweki, iwo n'kupsa mtima. Kenako analemba kalata yoti chaka chikatha afuna kampani ina. Kontirakiti yanga inali ikutha mwezi womwewo, ndipo bwana anandiitana n'kundiuza, osandiyang'ana m'maso, kuti alibe ntchito ina yondipatsa.

Abale, kutha kwa ntchito kumawawa paliponse, koma kuno kumawawa kawiri. Mapepala anga anali omangiriridwa ku ntchitoyo, ndipo masiku ake ankapita. Esinati amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo banja lonse linatsamira pa iye. Mwana wathu anabadwira konkuno, Chizulu amachilankhula kuposa Chichewa, ndiye ndikaganiza zomunyamula kupita naye ku Kasungu sukulu ili pakati, mtima unkandilemera. Ndinatumiza makalata ofunsira ntchito ambirimbiri, kuyankha kwake zii. Amene anandiitanako anafuna kuona ntchito imene ndinapangapo, ndipo ine ndinalibe china choonetsa koma chomwe chinandichotsetsa ntchitocho.

Ndivomereze kuti ndinajomba kutchalitchi masabata atatu. Ndinkachita manyazi, poti ndine amene ndinaimirira kutsogolo chaka chathachi kuthokoza Mulungu kuti wandichotsa pa geti. Ndinkakhala m'kachipinda kathu ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, kumva matakisi akuliza mahutala pamsewu, anthu akupita kuntchito, ine ndili phee. Koma chimene chinkandidya kwambiri sichinali manyazi. Linali funso. Chinthu chimagwira bwanji m'manja mwanga n'kukana m'manja mwa wina? Ndinkatenga zithunzi za masamba aja n'kumaziyang'anitsitsa, kuyeza, kuwerenga mobwereza, osaona cholakwika. Esinati anafika pondiuza kuti ndikapanda kusiya ndipenga.

Tsiku lina m'mawa, iye atapita kuntchito, ndinagwada pambali pa bedi kuti ndipemphe ntchito monga mwa masiku onse. Koma mawu amene anatuluka anali ena. Ndinati, Ambuye, ntchitoyo muidziwa ndinu, ine mungondionetsa pamene ndinalakwitsa, chifukwa ndatopa kusadziwa. Ndinadzuka osamva chachilendo chilichonse. Ndinasesa pakhomo, n'kuchapa zovala za mwana.

Lachinayi la sabata yomweyo ndinapita ku Germiston kukasindikiza mapepala. Pobwerera masana ndinakwera takisi ya ku Primrose, n'kukhala pafupi ndi mayi wina wachikulire wovala ovolosi ya buluu ndi nsapato zolimba za kufakitale. Ankalimbana ndi foni yake akung'ung'udza, ndipo ndinamva kuti chilankhulo chake ndi cha kwathu, koma chokoka ngati cha ku Zambia. Si khalidwe labwino kusuzumira pa foni ya munthu, koma maso anga anagwerapo okha. Pa sikirini yosweka pakona panali mtundu wobiriwira umene ndinasankha ndekha. Inali pulogalamu yanga.

Koma sinali monga ndinkaidziwira. Zilembo zinali zikuluzikulu, mawu akukwerana, masiku a sabata atapanikizana moti Lachitatu ndi Lachinayi zinali chinthu chimodzi. Ndinaiwala ulemu, n'kufunsa kuti, “Pepani mayi, foni yanuyo ikuonetsa choncho chifukwa chiyani?”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Ndimwe a ku Malawi? Ichi chinthu, mwana wanga, ni cha Satana. Amene anachipanga nikamuona, tizakambirana.”

Ndikanatha kukhala chete, ndipo mtima wina unandiuza kuti nditero. Koma ndinakumbukira pemphero lija, ndipo ndinati, “Amene anachipanga ndine.”

Takisi yonse inatembenuka, ngakhale ambiri sanamve zomwe tinkakamba, poti mayiwo anafuula kuti, “Ni imwe!” Anatsika nane pamalo amodzi, nandigwira pamkono ngati ndithawa, ndipo tinakhala pa khonde la sitolo ina. Dzina lawo ndi mayi Sakala, kwawo ndi ku Katete, ndipo agwira pa makina a fakitale ija zaka zambiri. Anandiuza kuti mwana wawo wamkazi ankakwatiwa kumudzi, ndiye kutatsala mwezi anapempha tchuthi pa pulogalamuyo monga anauzidwira. Analemba masiku, analemba chifukwa, anadina. Anapita ku ukwati, anavina, anabwerako. Atafika anapeza kalata ya chenjezo lomaliza, yoti anajomba sabata yathunthu osapempha. Akalakwitsanso kamodzi, ntchito yatha.

Ndinawapempha kuti andionetse mmene anachitira, ndipo ndinaonerera chala chawo ngati mwana woonerera matsenga. Maso awo ndi ofooka, ndiye anakulitsa zilembo za foni yonse mpaka pamapeto. Zilembo zitakula, zonse za patsamba lija zinakankhana kutsikira pansi, ndipo batani lotumizira linagwera kunja kwa sikirini. Tsambalo silinkatsika, chifukwa ndine ndinalimanga kuti lisatsike, pofuna kuti lizioneka laudongo. Chimene mayi Sakala anaona chinali kachizindikiro ka pa kiyibodi. Anadina pamenepo, kiyibodi inachoka, mawu awo anatsala pa sikirini, iwo n'kuti basi zapita. Pempho lawo silinachoke m'foni.

Sindikudziwa mmene ndingakufotokozereni zimene ndinamva. Manyazi analipo, aakulu, chifukwa mayi wa msinkhu wa amayi anga anali pafupi kutaya ntchito kaamba ka kunyada kwanga. Koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe chachilendo, cha munthu amene wasakasaka chinthu miyezi yambiri n'kuchipeza. Ndinapepesa, kenako mafunso anangoyamba kutuluka okha. Anzanu nawonso amakulitsa zilembo? Mafoni awo ndi otani? Mumaitsegula muli pati? Mayi Sakala anaseka koyamba, nati, “Manje imwe mufunsa monga wapolisi. Bwerani mukazionere mweka.”

Lolemba ndinakwera matakisi awiri kupita ku Alrode, n'kukaima panja pa geti nthawi ya nkhomaliro, pamene antchito amatuluka kukagula chakudya kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu. Mayi Sakala anandizungulitsa kwa anzawo akunena m'Chizulu kuti uyu ndiye mwini wake wa chinthu chija, mutukwaneni kenako mumuonetse mafoni. Ena anatukwanadi. Koma ambiri anatulutsa mafoni awo, ndipo zimene ndinaona tsiku limenelo sindinaziphunzire pa intaneti paliponse.

Panali mafoni ang'onoang'ono otha kubisika m'chikhatho. Panali ina yosweka moti mbali yonse ya kumanja sinkamva chala, ndipo mwini wake ankaitembenuza chogona kuti adine zomwe akufuna. Bambo wina woyendetsa makina onyamulira katundu anali ndi zala zonenepa zokakala, ndipo akafuna kudina Lachiwiri ankadina Lachitatu. Ine pa desiki ndinkadina ndi kamuvi ka mausi kosongoka ngati singano, osaganiza kuti chala cha munthu wogwira ntchito si singano. Dzuwa la masana likawomba pa sikirini, zilembo zanga zotuwira zija zinkasoweratu. Pafupifupi aliyense ankagwira foni ndi dzanja limodzi, lina lili ndi chakudya. Ambiri ankazimitsa deta n'kuyatsa kwa kamphindi, ndiye tsamba langa lodzaza zithunzi lisanamalize kutseguka, iwo azimitsa kale. Ndinalemba zonsezi m'kope, ndikujambula foni iliyonse ndi pamene chala cha mwini wake chimafika. Ndinapitako masiku anayi otsatizana, ndipo Esinati anati chichokereni ntchito sanandionepo ndikudya ndi mtima ngati sabata imeneyo.

Chinthu choyamba chimene ndinachita sichinali kukonza pulogalamu. Ndinalemba kalata kwa mayi woyang'anira za antchito pa fakitaleyo, yofotokoza kuti mayi Sakala anapemphadi tchuthi, ndipo kuti pempholo silinafike chifukwa cha mmene ine ndinakonzera tsambalo. Ndinaikamo zithunzi ziwiri, cha foni yanga ndi cha foni yawo, n'kuzunguliza pamene batani linayenera kukhala. Ndinazengereza kusainira. Ndinkadziwa kuti munthu wofuna ntchito salemba ndi dzanja lake kuti ndine ndinawononga. Esinati anaiwerenga, nati, “Bambo ake, mwapempha kuti akuonetseni, akuonetsani. Ndiye mukufuna mubisenso?” Ndinasainira.

Podikira yankho ndinayamba kumanga china chatsopano pa laputopu yanga yakale, ndi maina ongopeka, popanda wondituma. Ulendo uno ndinayambira pa foni yaing'ono kwambiri imene ndinaona ku Alrode, zilembo zitakulitsidwa mpaka pamapeto. Ndinadzifunsa kuti munthu woima pa geti, dzuwa lili pamutu, akufuna kudziwa chiyani? Akufuna kudziwa kuti mawa alowa nthawi yanji, basi. Ndiye chimenecho ndinachiika pamwamba, m'zilembo zakuda bii. Masiku enawo ndinawasanja chotsika, lililonse m'kabokosi kake. Batani lotumizira ndinalikulitsa n'kulikhazika pansi pamene chala chachikulu chimafika, loti kaya zilembo zikule bwanji, kaya kiyibodi ikwere, ilo lisasunthe. Munthu akatumiza, sikirini yonse izimuuza kuti pempho lafika, ndipo deta ikakhala yozima izinena mosabisa kuti silinapite.

Patatha sabata ziwiri mayi woyang'anira za antchito uja anandiimbira foni kuti ndipite. Ndinalowa mu ofesi mwake ndikuganiza kuti mwina akufuna kunditengera kukhoti. Koma ndinapeza munthu wofuna kumvetsa. Anaitanitsa mayi Sakala ndi foni yawo, nayesa yekha kupempha tchuthi, nasakasaka batani osalipeza. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa mafayilo a anthu ena asanu amene analandira machenjezo ofanana. Machenjezo onsewo, pamodzi ndi la mayi Sakala, anafufutidwa sabata yomweyo. Mayi Sakala anatuluka mu ofesimo akupukuta maso ndi mkono wa ovolosi.

Ndisanatuluke ndinalimba mtima n'kuonetsa chatsopano chija. Pa mafoni chinayenda bwino, koma atachitsegula pa kompyuta ya kapitawo wina, bamboyo anapukusa mutu. Anati iye amagawa anthu makumi angapo, ndipo akufuna kuona sabata yonse ndi maina onse nthawi imodzi, osati timabokosi totsika ngati akuwerenga mauthenga a pa foni. Ndinazindikira kuti ndalakwitsanso, ulendo uno chobwerera kumbuyo. Poyamba ndinapanikiza kompyuta kuti ilowe m'foni, tsopano ndinangotambasula foni kuti idzaze kompyuta. Ndinapempha kuti ndikhale pambali pake ola limodzi ndione mmene amagwirira ntchito. Ndinaona kuti sagwira mausi kawirikawiri, amadumpha ndi mabatani a kiyibodi, ndipo amayerekeza masiku moyandikana. Ndinapita kunyumba n'kukonza kuti sikirini ikakula, timabokosi tija tiziyalana tokha n'kukhala tebulo lalikulu, ikachepa tizibwerera pamzere umodzi. Nkhani yake ndi yomweyo, koma aliyense aione monga mwa malo amene waima ndi chida chimene wagwira.

Zimene anakambirana a fakitale ndi bwana wanga wakale sindinazimve. Ndimangodziwa kuti Lachisanu lina masana, ndikuanula zovala, foni inalira ndipo anali iyeyo. Anati fakitale yavomera kupitiriza nafe, koma yanena kuti ntchitoyo aigwire munthu amene anapita kukaima pa geti. Anandifunsa ngati ndingabwerere Lolemba. Ndinakhala pansi pomwepo pa simenti, zovala zili m'manja, n'kulira ngati mwana. Mapepala anga anakonzedwanso masiku ake asanathe, ndipo mwana wathu sanaphonye sukulu ngakhale tsiku limodzi.

Bwana nayenso anapepesa, mwa njira yake. Anati tonse mu ofesi tinali ndi mafoni amtundu umodzi ndi maso amphamvu, ndiye tinkangovomerezana. Lero tili ndi kabati ya mafoni akale amene tinagula kwa okonza mafoni ku Tembisa, ena osweka, ndipo palibe chimene chimatuluka mu ofesi chisanayesedwe pa onsewo. Koma ine ndinaona kuti kabatiyo payokha sikwanira, poti foni ya m'kabati ilibe chala cha mwini wake. Ndiye mwezi uliwonse ndimapitabe kumene kuli anthu, kaya ku fakitale, kaya pa renki ya matakisi, n'kupempha mwaulemu kuti andionetse mmene amachitira. Sindinabwereko tsiku limodzi osaphunzira kanthu. Mwezi wathawu ndinapeza bambo amene amagawana foni imodzi ndi mkazi wake, onse ogwira pa fakitale imodzi, ndipo mpaka lero ndikuganizabe mmene ndingawathandizire.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka la munthu wojomba kutchalitchi, naliyankha m'takisi. Ndikuthokoza Esinati amene ananyamula banja osandinyoza ngakhale tsiku limodzi. Ndikuthokoza mayi Sakala, amene anali ndi chifukwa chokwanira chondisiya pa khonde la sitolo lija, koma anandigwira dzanja n'kupita nane kwa anzawo. Ndikuthokozanso inu a mumpingo amene munkagogoda pakhomo pathu ngakhale ndinkayankha mwaulesi.

Kwa inu amene muli pakhomo lero, ntchito itatha, mapepala akutha, makalata osayankhidwa, sindikunamizani kuti ndikudziwa tsiku limene zanu zidzasinthe. Ine ndinadikira miyezi inayi, ena adikira zaka. Koma musasiye kupemphera, ndipo musaope kupempha kuti muonetsedwe choonadi, ngakhale chikhale chokuchititsani manyazi. Ine chinandichititsa manyazi pamaso pa takisi yonse, koma ndi chomwecho chimene chinapulumutsa ntchito za anthu asanu ndi mmodzi, yanga n'kubwera pambuyo. Limbani mtima, dzukani m'mawa, tulukani panja, ndipo munthu amene mwakhala naye pafupi mumulankhule. Ambuye akusungeni nonse, kuno ndi kumudzi komwe. Ameni.